Nthambo Yoti Ndionere Amake Tiyamike

Lolemba

M'mawa. Tivi yatsopano yaima pa kabati. Yaikulu ngati chitseko, koma yopyapyala, mphepo ikhoza kuigwetsa. Watumiza Tiyamike, mwana wanga wa unamwino ku Ndola. Yafika sabata yatha pa basi, yokutidwa m'mabulangeti awiri. Munthu akaonekamo ukuona ndi thukuta lomwe la pamphuno. Wowerenga nkhani uja zaka zonsezi ndimamuyesa mnyamata, kani ali ndi imvi!

Lamulungu likubwerali chikwana chaka amake Tiyamike chitisiyireni. Misa m'mawa, kenako a mphakati wathu ndi achibale abwera kuno ku Kapata kudzapemphera ndi kudya. Dzulo ku mphakati ndinaimirira, popanda wondituma, n'kulengeza kuti tikatha kudya tidzaonera kaseti ya tsiku lomwe tinadalitsa ukwati wathu. Pa tivi yatsopano. Ndinati malemu adzaoneka ngati alowa m'nyumba. Azimayi anaomba m'manja. Amayi a Zulu, apampando athu, anapukuta misozi ndi chitenje. Pakamwa pangapa!

Zochita sabata ino:
- kutulutsa deki ya makaseti pansi pa bedi
- kuipukuta fumbi
- kulumikiza
- kubwereka mipando
- kumeta

Zinthu zisanu. Ntchito ya lero lokha imeneyi.

Chimene sindinawauze a mphakati ndilemba muno. Nkhope ya mkazi wanga yayamba kundithawa. Zithunzi zilipo, inde, koma amake Tiyamike akaona kamera ankauma gwa, ngati aitanidwa ku khoti. Pa zithunzi zonse palibe pomwe akuseka. M'kasetimo akuseka, akuvina, akulankhula. Chaka chonse sindinayerekeze kuiika. Tsopano ndikuchita mantha kuti tsiku lina ndidzatsinzina n'kupeza mulibe munthu.

Masana. Deki yatuluka, ikuyaka. Nthambo yake ilipo, ya mitu itatu: wachikasu, woyera, wofiira. Imeneyi ndimaidziwa ngati dzina langa. Wachikasu ndi chithunzi, iwiriyo ndi mawu. Ndazungulira kuseri kwa tivi ndi tochi.

Mabowo atatu ozungulira aja palibe.

Zomwe zilipo:
- timabowo tiwiri tathyathyathya ngati pakamwa pa chule, talembedwa HDMI 1 ndi HDMI 2
- kena kocheperapo
- ka mlongoti
- kena kowala mofiira m'kati, komwe ndikuopa kusuzumira

Ndaipendeketsa. Ndayang'ana kunsi. Ndatsegula kabuku kake: zilankhulo mbwee, Chinyanja mulibe.

Tivi yakale ya chimsana ija ikanakhalapo bwenzi nditatha kale. Koma ndinapatsa alamu anga a Mbewe a ku Madzimoyo, mlongo wawo wa malemu, tsiku lomwe yatsopano inafika. Ndinathandiza ndi kumanga komwe pa njinga. "Tengani alamu, ife kuno tapita patsogolo." Mawu anga amenewo.

Foni kwa Tiyamike. Ndati nthambo sikulowa. Ali pa ntchito, akufulumira: "Atate, tivi imeneyo ndi ya dijito, imafuna HDMI. Musadandaule." Ndafunsa kuti nanga ya mitu itatu ndi ya chiyani. Akuti ya analogi. Zaka zonsezi ndikugona ndi analogi m'nyumba osadziwa!

Lachiwiri

Kumsika wa Kapata, nthambo m'thumba la jekete. Ndafunsa anthu atatu.

Woyamba, wa machaja: "Analogi inatha, mdala. Inaletsedwa." Ndaibweza m'thumba msangamsanga, ndayang'ana uku ndi uku.

Wachiwiri, mayi wa maloko ndi mabatire: "Gulani ya mitu isanu. Wobiriwira, wabuluu, woyera, ofiira awiri. Mitu ikachuluka chithunzi chimachuluka." Ndamufunsa kuti isanuyo ndikailowetsa pati, poti itatu yomwe ikusowa polowa. Akuti zimenezo ndikadziwa ine mwini tivi.

Wachitatu watulutsa pansi pa tebulo nthambo yomwe ndimaiganizira njira yonse. Mbali ina mutu wa HDMI, mbali ina mitu itatu. Mitu yake ya golide! "Apa analogi ndi dijito tazikwatitsa, bwana." Ndagula osanenerera n'komwe. Pobwerera ndikupatsa moni ndi anthu osawadziwa.

Kunyumba. Zonse zalowa bwinobwino, palibe mutu wotsala. Ndasamba m'manja. Ndaika kaseti. Ndakhala pampando.

Tivi yonse buluu. Kabokosi ka mawu awiri a Chingerezi kakuyendayenda, kakuti palibe chomwe chikufika.

Zomwe ndayesa:
- HDMI 1
- HDMI 2
- kusinthanitsa wofiira ndi woyera
- kuuzira m'mabowo
- kuzimitsa, kuwerenga mpaka khumi, kuyatsa
- kumenya deki pamwamba monga kale
- Tikuoneni Mariya mmodzi

Deki ikuzungulira, ndikuimva. Ndiye kuti amake Tiyamike akuvina m'kati mwa bokosimo, ine ndikuonera buluu. Ndatulutsa kaseti, ingathere pachabe.

Ndabwerera kumsika. Wachitatu uja akuti wapita kumaliro. Ndi tebulo lake lomwe lapita kumaliro.

Funso lomwe likundizunguza: ngati mitu yonse ikulowa, chithunzi chikutsalira pati?

Lachitatu

A Sakala, aneba anga. Amakonza masimbi ndi mawailesi. Kamodzi anakonzapo chigayo ku Nabvutika, ndipo mpaka lero nkhaniyo sinathe. Abwera ndi pulayala, mpeni, tepi yakuda, ndi nthambo ya HDMI yeniyeni yomwe anaitola sindikudziwa kuti.

"Waya ndi waya, aneba. Mitu amangosintha kuti tizigula."

Nzeru yawo: kudula, kusenda, kupota, kumata. Monga timachitira ndi waya wa simbi. Akufuna kuyamba ndi nthambo yanga yakale. Ndakana, imeneyo anagula ndi malemu. Tapereka ya golide.

Adula. M'kati mwa ya golide muli tiwaya towerengeka, taulemu. Adula ya HDMI. Mayo ine! Ndevu za chimanga zokhazokha, tina tokutidwa m'kapepala kasiliva. A Sakala awerenga apeza khumi ndi tisanu ndi tinayi. Ine ndapeza khumi ndi tisanu ndi tiwiri. Tawerenganso, tasinthana.

Ndiye wachikasu timupotere ku kati? A Sakala akuti tiyese kamodzikamodzi.

Kupota, tepi, kuyatsa. Buluu.
Kumasula, kupota, tepi, kuyatsa. Buluu.
Buluu.
Buluu, koma a Sakala akuti buluu wake wasintha pang'ono. Sanasinthe.

Pa kachisanu ndi chimodzi malaiti apita.

Takhala pakhonde. Tadya mbatata. Ndamvanso nkhani ya chigayo cha ku Nabvutika, kuyambira pachiyambi. Malaiti abwera cha m'ma 16 madzulo, ndipo tonse awiri taiwala kuti tinalekera pa kawaya kati.

A Sakala aika pulayala pansi, akanda m'mutu: "Ndaimvetsa tsopano. Deki yanu ikulankhula Chinyanja, tivi imamva Chibemba chokha. Ngakhale muwakhazike pa mphasa imodzi samvana. Pakufunika womasulira." Akuti womasulirayo ndi kabokosi, kamapezeka ku Dauni Shopu, ku mashopu a m'tauni.

Ndati bwanji simunanene musanadule? Akuti amafuna aone m'kati kaye.

Nthambo ziwiri zafa. Mipando sindinabwereke. Kumeta sindinamete. Pansi ponse tiwaya, ndaponda kamodzi ndi phazi.

Lachinayi

Dauni Shopu, wapansi, dzuwa lili pamutu. Shopu zinayi sakundimva. Yachisanu muli mayi wa magalasi, akugwedeza mutu ndisanamalize. Watulutsa kabokosi koyera, kochepa ngati sopo. Mbali ina bowo la HDMI. Mbali ina mabowo atatu ozungulira, lachikasu, loyera, lofiira, abale anga aja! Ndatsala pang'ono kukapsompsona.

Ndagulanso HDMI ina, poti ya a Sakala tinaipha dzulo.

Pansi pa kabati tsopano zili motere: deki, nthambo, kabokosi, nthambo, tivi. Kuphatikiza kanthambo kena kodyetsa kabokosiko malaiti, chifukwa nakonso kamadya. Kanyali kake kofiira kayaka! Ndaitana a Sakala. Ndavala shati loyera, sindikudziwa chifukwa chake.

Buluu.

Dauni Shopu kachiwiri, miyendo ikulira. Mayi uja watembenuza kabokosi, wandionetsa kamuvi kolembedwa pamwamba. "Atate, aka kamatenga dijito n'kupereka analogi. Inu mukufuna kotenga analogi n'kupereka dijito. Simunanene kuti mukuchokera kuti."

Ndati msewu wopita ku Lundazi ndi womwewo wobwerera ku Chipata. Akuti za nthambo sizitero. Ndati nanga ndikakagoneka chafufumimba? Waseka mpaka waitana mnzake wa shopu ina kuti ndibwerezenso.

Kolondolako kanatha. Kakubwera pa basi ya ku Lusaka Loweruka. "Mwina."

Zomwe ndaphunzira mpaka pano:
- dijito ndi yabwino
- analogi ndi yakale
- ine ndili ndi zonse ziwiri
- sindikuona kalikonse

Pobwerera ndalowa kwa wojambula zithunzi. Akuti kaseti angathe kuisamutsira pa kafulashi, koma aitumize kwa mnzake ku Lusaka, milungu iwiri kapena itatu. Kaseti imodzi yokhayi, pa basi, m'manja mwa anthu osaidziwa? Ndakana. Amake Tiyamike ali moyo sanapiteko okha ku Lusaka, asayambe lero.

Pa ngodya ya tchalitchi, Amayi a Zulu ndi dengu pamutu: "Atate ake Tiya, filimu ija tikuidikira ndi maso awiri! Ndauzako ndi a mphakati wa kumtunda." Ndayankha kuti zonse zili m'malo mwake. Bodza limeneli ndikaulula Loweruka.

Lachisanu

Nzeru yandibwerera ndikutsuka m'kamwa: tivi yakale! Kukabwereka chabe. Tsiku limodzi. Lolemba ndibweza ndi manja awiri.

Minibasi ya ku Madzimoyo. Njira yonse ndikuloweza: "Alamu, pali kavuto kakang'ono." Mayi wokhala nane pafupi wandifunsa ngati ndikupemphera.

Ndafika. Tivi ili pa tebulo pakati pa nyumba, yofunditsidwa kansalu kopeta. Pamwamba maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha malemu. Batire ya sola pambali, nayonso yofunditsidwa. Kwathu zaka zonse zija tiviyi sinalandirepo ulemu wotere.

Ndisanakhale n'komwe alamu atuluka panja: "Bwerani mudzaone mwamuna wa mlongo wanga! Ena mkazi akangoikidwa amaiwala njira ya kuchikamwini, koma uyu ayi!" Azimayi asiya kusenda mtedza, abwera. Akatekisti abwera, andigwira dzanja ndi manja awiri, sakulisiya. Akuti madzulo alionse anthu amadzaza muno kuonera nkhani, ndipo dzina langa linatchulidwa m'mapemphero Lamulungu lapitali.

Ndatsegula pakamwa katatu.

Koyamba ndafunsa za mtedza.
Kachiwiri za thonje.
Kachitatu ndalimba mtima: "Alamu, pali..." Onse akundiyang'ana mwachikondi. "Pali chiyani, alamu?" "Pali fumbi kuseri kwa tiviko. Muzipukutako."

Zomwe ndabwera nazo ku Madzimoyo:
- tambala wamoyo
- chitini cha mtedza
- maungu awiri
- madalitso a akatekisti

Tambala wandiipitsira nsapato mu minibasi.

Pondiperekeza alamu akuti: "Lamulungu tibwera asanu ndi atatu, tidzamuone mlongo wanga pa chachikulu chija." Ndangoti zikomo.

Madzulo. Ndakhala pakhonde, ndatsinzina, ndayesa. Duku likubwera. Mapewa akubwera. Kayendedwe kaja, kofulumira ngati pali chopsa pamoto, kakubwera. Nkhope ikangoti iseke, ikubalalika. Zaka makumi atatu ndi zinayi nyumba imodzi! Ndadzikwiyira. Ndakalipira tambala, wosalakwa.

Loweruka

Dauni Shopu kachitatu, asanatsegule n'komwe. Basi ya ku Lusaka yafika. Katoni yafika. Muli machaja, mababu ndi timafani. Kabokosi mulibe. Mayi wa magalasi akuti sabata ya mawa. Sanawonjezere "mwina," koma ndamumva.

A Sakala, Mulungu awadalitse ngakhale anandiphera nthambo, azungulira Kapata ndi Nabvutika kufunafuna tivi ya mabowo atatu. Ya chimsana apeza imodzi, nkhuku ikuikiramo mazira. Ena ali nazo zamoyo, koma mawa kuli mpira, ndani angabwereketse? M'malo mwake abwera ndi mipando. China mwa zisanu zija chatheka, osati ndi ine.

Azimayi a mphakati ali kuseri, akutsuka mapoto, akuimba. Tambala uja wapita, wasanduka ndiwo. Aliyense akadutsa pa balaza akuima kaye pa tivi n'kupukusa mutu mosirira. Ndaifunditsa nsalu kuti ndisamaione.

Masana Tiyamike wafika. Wagwada, wapereka moni, watsegula chikwama akumwetulira: "Atate, vuto lanu latha." Nthambo ya HDMI. Yaitali kuchokera pano kufika pa geti, yolukidwa ngati chingwe cha ng'ombe. Mbali ino HDMI. Mbali inayo HDMI.

Ndamuonetsa deki.

"Atate! Ndi deki ya makaseti? Ine ndimayesa mwagula dikoda!" Ndati sunafunse. Akuti simunanene. Wakhala pansi, wafufuza pa foni yake nthawi yaitali, kenako wanena zonse zomwe ananena mayi wa ku Dauni Shopu, koma m'Chingerezi.

Atatha wanyamula kaseti. Pamwamba pake pali zolemba, dzanja la amake, zilembo zopendekeka zija. Wawerenga, waibweza pa kabati pang'onopang'ono, wapita kukathandiza kutsuka mapoto. Bola akanandikalipira.

Nthambo zomwe zili m'nyumba muno:
- yakale ya mitu itatu, yamoyo, yosowa polowa
- ya golide, yodulidwa
- ya a Sakala, yodulidwa, ndevu panja
- HDMI ya Lachinayi
- HDMI ya ku Ndola
- kanthambo ka kabokosi koyenda chobwerera m'mbuyo

Chithunzi: palibe.

Cha m'ma 17 ndapita kukalapa. Ndaulula bodza la Lachinayi, ndafotokoza ndi chiyambi chake chonse. Ansembe asendera pafupi ndi kansalu. Kenako, motsitsa mawu, andifunsa ngati ndayesa HDMI 2.

Ndameta.

Lamulungu

Misa yayenda bwino. Dzina la malemu latchulidwa bwino. Chakudya chakwanira, chatsalako.

Titatha kudya, popanda wouza mnzake, onse atembenuzira mipando ku tivi. A mphakati wathu, a kumtunda, a ku Madzimoyo asanu ndi atatu. Ena pawindo. Amayi a Zulu avundukula nsalu ndi manja awo.

Ndaimirira. Ndanena zonse: analogi, dijito, golide, kamuvi. Ndati kaseti ilipo, deki ilipo, tivi ilipo, koma sizikumvana, ndipo wolakwa ndine ndi pakamwa panga.

Alamu: "Aa, alamu! Mukananena Lachisanu bwenzi titabwera nayo yakale ija!" Ndayang'ana nsapato zanga.

Kenako Amayi a Zulu: "Nanga mawu okha sangatuluke?"

A Sakala adzuka. Atenga nthambo yakale, woyera ndi wofiira awalowetsa kuseri kwa wailesi yanga yaikulu. Wachikasu angomusiya akulendewera. Palibe kudula, palibe tepi. Sabata yonse wailesiyo ili pomwepo, ikutiyang'ana.

Phokoso ngati mvula pa malata. Kenako kwaya. Nthungululu. Ng'oma.

Anthu asowa koyang'ana, ndiye onse akuyang'ana tivi. Buluu, ndi kabokosi kake koyendayenda. Alamu ayamba kulozera: "Apa ndi pomwe ankalowa pabwalo." Amayi a Zulu akuti diresi linali loyera ndi maluwa apinki. Akazi awo a alamu akuti achikasu, anasita ndi iwo. Atsutsana, aliyense akuloza buluu yemweyo.

Mwadzidzidzi m'kasetimo maikolofoni yalira tswiii, nyimbo yaduka, anthu a tsiku lija akudandaula. Ndiye mawu, pafupi penipeni, ngati ali kuseri kwa mpando wanga:

"Atate ake Tiya, tasiyani nthambo za eni ake! Simuzidziwa inu, mungoononga. Bwerani kuno tivine."

Ndi kuseka kuja.

Nyumba yonse yagwa nazo. Alamu akumenya ntchafu. Tiyamike akuseka, misozi ili chuchuchu, wabisa nkhope pa phewa la Amayi a Zulu. A Sakala akuti, "Ine sindinanene kanthu." Ine ndakumbukira: tsiku lija ndinali kuseri kwa sipika, ndi suti yanga ya ukwati, ndikukonza chinthu chomwe sichinaonongeke.

Abwezeretsa kaseti kuti amvenso. Kanayi. Kachitatu ndinali nditatuluka kale panja, ndikumvera pawindo, ndikulira ngati mwana. Palibe wanditsatira, ndipo ndathokoza.

Madzulo. Anthu apita, mipando yapita. Nkhope sindinaione. Sindinama, zikundiwawa, ndipo sindikudziwa ngati kabokosi kakadzabwera ndidzaipeza monga ndikuifunira. Deki ndaisiya pa wailesi momwemo. Nthambo zotsala ndalongedza m'jumbo, Tiyamike wamanga, waika pamwamba pa wadiropu pomwe sindifika. Akuti kabokosi kolondola akagula yekha, adzalumikiza yekha akadzabweranso, ine ndidzangokhala pampando.

Ndavomera. Nthambo sindigwiranso. Andiletsa eni nyumba, pamaso pa mphakati wonse.